Lekani kumasulira fomu ya mapazi a ana pakamwa

Dzinja lino mafomu a mapazi ndi akakolo a ana akubwera kuchokera m'madera osiyanasiyana a Zomba atadzazidwa mwaukhondo ndithu, koma mukawerenga mupeza kuti pafupifupi mwana aliyense alibe vuto. Ngakhale uja wa mapazi opindika amene mudzi wonse umamuona akutsimphina m'matope popita kusukulu, naye akuti ali bwino. Cholakwika n'chimodzi: alangizi a zaumoyo ena akutenga fomu ya Chingerezi n'kumaimasulira pakamwa, aliyense mmene zamubwerera m'mutu, ndipo akufunsa kholo, mwana ali duu pambali.

Fomu imeneyi, Oxford Ankle Foot Questionnaire for Children, inakonzedwa ku England cha m'ma 2008, ya ana a zaka 5 mpaka 16. Ili ndi mafunso 15: a zathupi, a sukulu ndi kusewera, a zamumtima, ndi limodzi la nsapato, onse ofunsa za sabata yangothayo. Ya mwana ilipo payokha, ya kholonso payokha, chifukwa zimene mwana amakumana nazo pabwalo la sukulu kholo silizionako. Mayankho ake ali pamasitepe asanu. Inu alangizi mukawafinya kukhala eya ndi ayi basi, malikisi amene mwawonkhetsawo sakutanthauza kanthu, ndipo a ku Jali sangafanizidwe ndi a ku Domasi.

Mtengo wake ngowawa. Phazi lopindika limene linawongoledwa pang'onopang'ono ndi chikhakha, njira imene amaitcha ya Ponseti, limatha kubwerera, makamaka ngati nsapato zachitsulo zimene mwana amavala chikhakha chikachotsedwa zinasiyidwa msanga, pamene zimayenera kuvalidwa usiku mpaka mwana atafika zaka 4 kapena 5. Fomu ikanama, mwanayo sitimutumizanso kukapimidwa. Tidzamuona phazi litauma kale, apo ndiye chikhakha poyambira kapena opaleshoni ku Blantyre, ndalama ya feteleza n'kuthera m'minibasi, munda uli wosapalira. Ndiye wina n'kumati takhala tikuchita chomwechi kuyambira kale. Kale lake liti? Nthawi yonseyo sikuti zinali bwino, kungoti panalibe woyang'ana.

Bambo wina, mlimi wa cha ku Chingale, anayankha mafunso onse kuti zili bwino. Titacheza pambali anati, "Achikulire, adokotala avutika nafe chonchi, ine n'kukawauza kuti mwana akumvabe kuwawa? Si ulemu umenewo." Chonsecho mnyamatayo anasiya kumenya chikulunga chifukwa anzake amamuseka mayendedwe. Pa funso loti phazi lamulepheretsa kuvala nsapato imene amafuna, bamboyo anati sizinachitikepo. Zoona, popeza mwanayo ali ndi patapata mmodzi yekha, woti kumbuyo anadyeka mbali imodzi.

Chochita mukuchidziwa kale, ndingokumbutsa mwachidule. Chilolezo cha eni fomu chipezeke kaye. Anthu awiri aimasulire m'Chichewa aliyense payekha, agwirizane chimodzi, wachitatu amene sanaone ya Chingerezi aibweze ku Chingerezi kuti muone pamene yapatuka. Kenako iyeseni pa ana ndi makolo angapo, aliyense anene m'mawu ake chimene funso likufuna. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri funsaninso ana omwewo. Ngati phazi silinasinthe koma mayankho asintha, funsolo likonzedwe. Cha ku Malosa kumene ambiri amalankhula Chiyao, pakufunika yakenso yoyesedwa chimodzimodzi. Ikatuluka yovomerezeka muziiwerenga mmene yalembedwera, ndipo mwana muzimufunsa payekha, kholo litakhala chapatali pang'ono.