Kaphikidwe ka biti ya house yokhala ndi gitala ya rock, monga achitira ku France

Nyimbo zovina zosakaniza ng'oma za house ndi gitala ya rock zinakula ku France kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Gulu la rinôçérôse la ku Montpellier linkaika magitala enieni pamwamba pa biti ya makina, ndipo Justice, omwe chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 2007 ku kampani ya Ed Banger ya ku Paris, anachititsa makina kukalipa ngati gitala. Kuti muphike yotere m'chipinda chanu kuno ku Salima, laputopu, pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, sound card yaing'ono (kabokosi kolumikizira gitala ku laputopu), mahedifoni ndi gitala yamagetsi zikukwanirani. Chovuta ndi chimodzi: m'nyimbo izi gitala si mfumu. Imaduliridwa, imabwerezedwa, ndipo kiki ikagunda iyo imapatuka.

Yambani ndi ng'oma. Ikani liwiro pa 124 BPM, kutanthauza kugunda 124 pa mphindi. M'timabokosi 16 ta bar imodzi (bar ndi kugunda kunayi), kiki ikhale pa 1, 5, 9 ndi 13, clap pa 5 ndi 13, hi-hat yotsegula pa 3, 7, 11 ndi 15. Basi. Musathamangire kuwonjeza ma shaker ndi ma log drum a amapiano, chifukwa mipata imeneyo ndi ya gitala. Sankhani kiki yaifupi youma. Kiki ya 808 ya mchira wautali imakwirira besi.

Tsopano gitala yeniyeniyo, musanajambule. Kuno kunyanja chinyezi ndi thukuta la m'manja zimadya nsambo msanga, makamaka kwa okhala ku Senga Bay, ndipo nsambo yadzimbiri imalira mogontha, siigwiranso chuni. Palibe pulagini yomwe ingabweze kuwala kumeneko. Mukapita ku Lilongwe gulani mapaketi awiri a nsambo za saizi .010 mpaka .046, ndipo muzipukuta nsambo ndi kansalu kouma mukangomaliza kuimba. M'kutentha kwa October ndi November chunani gitala nthawi iliyonse musanadine batani lojambulira, ngakhale munachuna mphindi khumi zapitazo.

Lumikizani gitala pa bowo la sound card lolembedwa Inst kapena Hi-Z, osati Line, apo ayi idzamveka yofooka ndi yakuda. Kwezani gain mpaka mukamenya mwamphamvu mita izifika cha pa -12 dB. Buffer, yomwe imasintha kuchedwa kwa mawu pakati pa gitala ndi mahedifoni, ikhale pa 128. Ikakhala 1024 mudzazimva mochedwa m'mahedifoni, ndipo dzanja lidzayamba kutsalira biti inu osadziwa chifukwa chake.

Mukayatsa distortion, yomwe imakalipitsa gitala ngati ya rock, mudzamva kung'ung'uza kosalekeza. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo ma pickup (timaginito totola mawu pansi pa nsambo) a mtundu wa single coil amatola phokoso limenelo, distortion n'kulikulitsa. Zulani chaja ya laputopu kaye. Phokoso likatha, vuto ndi chajayo kapena soketi yopanda earth, ndiye jambulani pa batire. Likapitirira, zimitsani fani, talikirani inverter, kenako zungulirani pang'onopang'ono gitala ili m'manja mpaka mupeze mbali imene latsika, muimire pomwepo. Pa gitala ya ma pickup atatu, kuika switch pa malo achiwiri kapena achinayi nthawi zambiri kumalichepetsa. Magetsi akazima musadandaule: bola batire ili ndi moto, ndi nthawi imene gitala imajambulika yoyera kwambiri.

Pakaimbidwe ndi pamene ambiri amasochera. Manja athu anakulira pa rhumba, sungura ndi nyimbo za kutchalitchi, kumene gitala imatola nsambo imodziimodzi mokoma osapuma. Kaimbidwe kameneko n'kokongola, koma mukakapatsa distortion kamasanduka phala. Ngakhale makodi athunthu a nsambo zisanu ndi imodzi amatero, chifukwa distortion imasakaniza manotsi onse n'kubala ena osagwirizana nawo. N'chifukwa chake a rock amagwira manotsi awiri okha, otchedwa power chord. Chala cholozera pa fret 5 ya nsambo yaikulu kwambiri, chala cha mphete pa fret 7 ya nsambo yotsatira: imeneyo ndi A. Tsetsereketsani dzanja momwemo kufika pa fret 8 mupeze C, mubwerere pa fret 3 mupeze G. Makodi atatuwa akukwana nyimbo yonse. Gonekani m'mphepete mwa chikhatho chakumanja pa nsambo pafupi ndi bridge kuti mawu azituluka odukaduka, ndipo menyani chotsitsa chokhachokha. Yesetsani kumenya pamene pali hi-hat, pakati pa makiki, osati pamwamba pa kiki nthawi zonse.

Jambulani gitala yopanda kanthu, distortion muike pa mixer kuti mudzathe kusintha. Pambuyo pa pulagini ya amp, yomwe imapereka distortion, payenera kukhala ya cabinet, yotsanzira bokosi la sipika ya gitala. Mukaiwala chimenechi gitala imalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Gain ya amp ikhale theka la imene mtima ukufuna, pa 4 kapena 5 mwa 10. Yochuluka imafafaniza kugunda kwa pick, ndipo kugundako n'kumene kumavinitsa.

Imbani kachigawo kanuko kwa mphindi ziwiri, kenako sankhani ma bar awiri okha amene agwera bwino pa biti, muwadule, muwabwereze nyimbo yonse ngati sample. Kumapeto kwa notsi iliyonse dulani mchira kuti pakhale chete weniweni. Mukafuna gitala yotambalala, jambulani kachiwiri, ina muike kumanzere ina kumanja. Musakope yomweyo n'kuichedwetsa pang'ono. M'mahedifoni zimamveka bwino, koma pa foni ndi pa zimasipika za paukwati zimene zimalumikizidwa mono, makope awiriwo amadyana gitala n'kupyapyala.

Besi izitsatira A, C ndi G omwewo, ikhale pakati, mono. Notsi ya A yapansi ili pa 55 Hz, dera lomwelo limene kiki imakhala, choncho ziwirizi zimalimbana. Pa gitala dulani zonse za pansi pa 120 Hz ndi Parametric EQ 2, ndi za pamwamba pa 8 kHz. Ikamalasa m'makutu tsitsani 2 kapena 3 dB cha pa 3 kHz. Besiyo ipatseni distortion pang'ono kuti imveke pa sipika ya foni, yomwe mawu apansi kwambiri siitulutsa.

Chimene chimapatsa nyimbozi kupuma kwake kuja ndi sidechain, yomwe imatsitsa gitala ndi besi nthawi iliyonse kiki ikagunda. Pa mixer sankhani kiki, dinani kumanja pa kamuvi ka pansi pa tchanelo cha gitala, musankhe Sidechain to this track. Pa gitalapo ikani Fruity Limiter, pitani ku COMP, musankhe kiki pa kabokosi ka sidechain. Ratio 4:1, attack yaifupi kwambiri, ndipo tsitsani threshold mpaka gitala izigwa ndi 4 mpaka 6 dB kiki ikagunda. Besi igwe kwambiri, 8 mpaka 10 dB. Release, nthawi imene mawu amatenga kuti abwerere mwakale, ndiye mtima wa nkhaniyi. Pa 124 BPM kuchoka pa kiki kufika pa inzake pali 484 ms, ndipo hi-hat ili pakati, pa 242 ms. Ikani release pakati pa 150 ndi 200 ms kuti gitala ikhale itadzuka hi-hat ikamafika. Ikatalika kupitirira apo gitala imakhala yogwada nyimbo yonse. Ikafupika kwambiri besi imachita kunjenjemera. Tsekani maso, mugwedeze mutu, musinthe release mpaka kukwera kwa gitala kugwirizane ndi kukwera kwa mutu wanu.

Poyala nyimbo werengani ma bar 16. Oyamba 16, omwe ndi masekondi 31, akhale ng'oma zokha kuti DJ apeze polowetsera. Kenako gitala ilowe itatsekedwa ndi low-pass filter, yodula mawu apamwamba, cha pa 400 Hz, ngati ikumvekera kuseri kwa khoma la bala, ndipo muzitsegula pang'onopang'ono kwa ma bar 16 mpaka iwale yonse. Resonance ya filter ikhale yochepa, yambiri imaimba likhweru. Chotsani kiki pa bar yomaliza, ibwerere pamodzi ndi besi.

Pa master, tchanelo chimene mawu onse amakumanirako, siyani mpata wa 6 dB musanaike limiter, denga lake likhale -1 dB. Mverani pa foni, pa kasipika ka Bluetooth, ndipo ngati mukudziwana ndi wa disko pa Kamuzu Road, mupempheni ayiike masana anthu asanabwere, inu muime kumbuyo kwenikweni. Kiki ikasowa pamenepo, tsitsani gitala ndi 2 dB, kikiyo musaikweze. Potumiza kwa DJ tulutsani WAV kapena MP3 ya 320 kbps, chifukwa MP3 ya 128 imayamba kuwononga hi-hat ndi m'mphepete mwa distortion.