Injini ikamakwera ndi kutsika yokha galimoto itaima: mmene mungapezere vuto ndi kulikonza

Injini ya petulo yomwe yatentha bwino imayenera kukhazikika pakati pa 650 ndi 900 rpm (maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi) galimoto itaima, phazi lili kutali ndi pedulo yothamangitsira. Kulira kumeneku ndiko kumatchedwa idling. M'mawa ikangolizidwa imatha kuyambira pa 1,200 kapena 1,500 n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo limenelo si vuto. Vuto ndi pamene muvi wa rpm ukuvina, chiwongolero chikunjenjemera m'manja, kapena injini ikuzima mukangoima pamphambano.

Ambiri amathamangira kukweza sikulu ya idling. Musayambire pamenepo. Sikuluyo siyenda yokha, ndiye ngati galimoto inkalira bwino mwezi watha, chasintha ndi china. Pa idling chitseko cha throttle, chomwe chimalowetsa mpweya mu injini, chimakhala chotseka ndipo injini imapuma mpweya wochepa zedi, choncho kabowo kapena litsiro lomwe simungalimve mukuthamanga limasokoneza mlingo wonse wa mpweya ndi petulo.

Choyamba: mverani mmene ikudwalira

Lizani injini mpaka itenthe, muzimitse fani ndi magetsi onse, giya ikhale pa neutral. Ikamakwera ndi kutsika mobwerezabwereza, ganizirani mpweya wolowera pambali kapena valavu ya idling. Ikamagwedezeka ndipo ku ekizosi kukumveka "phu, phu" mwa apo ndi apo, pali silinda yomwe ikuphonya moto. Ikamavuta yozizira yokha, kapena yotentha yokha, choko (chitseko cha kabyuleta chochepetsa mpweya injini ili yozizira) kapena sensa ya kutentha kwa madzi ndi yomwe ikukayikitsa. Ngati galimoto ili ndi soketi ya OBD-II, yolumikizira makina owerenga kompyuta ya galimoto, werengani makodi: P0171 ndi petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, P0300 ndi kuphonya moto, P0505 ndi dongosolo la idling.

Chachiwiri: sakani pomwe mpweya ukubera njira

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa pa galimoto ya zaka zoposa 15 labala amakhala atauma. Tsegulani boneti injini ikulira, mutchere khutu ku kaphokoso ka "tsiii". Tsatirani kapaipi kalikonse kochokera pa intake manifold (mapaipi ogawa mpweya ku masilinda) ndi zala, mukukapinda pang'ono. Mng'alu umakonda kubisala kumapeto, pomwe paipi yavekedwa pa chitsulo, ndiponso kunsi komwe maso safika. Chipaipi chachikulu cha makwinya chochoka ku fyuluta ya mpweya chichotseni ndithu, muchikunge pa kuwala. Chimang'ambika m'makwinya momwemo, ndipo mpweya wolowa pamenepo sensa yoyeza mpweya (MAF) siuwerenga.

Kenako finyani mapaipi amodziamodzi ndi pulayazi yokulunga kansalu. Mukafinya ina injini n'kukhazikika, vuto lili pa paipiyo kapena pa chomwe ikupitako. Musaiwale yonenepa yopita ku brake booster, chida chopeputsa kuponda buleki. Booster imayesedwa motere: injini itazima pondani buleki kasanu mpaka ilimbe, musachotse phazi, lizani. Pedulo iyenera kutsika pang'ono. Ikapanda kutsika, kapena idling ikamasintha kwambiri nthawi zonse mukaponda buleki, booster yabooka mkati kapena paipi yake ili ndi vuto.

Valavu ya PCV, yomwe imatulutsa nthunzi ya mkati mwa injini ndipo nthawi zambiri imakhala pa chivundikiro cha pamwamba pa injini, izuleni muigwedeze pafupi ndi khutu. Yabwino imalira ngati kanjere m'botolo. Yachete yamatidwa ndi oilo wouma, ndipo kugula ina n'kwanzeru kuposa kuitsuka.

Za magasiketi a manifold ndi a pansi pa kabyuleta, thirani madzi pang'onopang'ono ndi botolo lopopera m'mphepete mwake. Pomwe pali bowo injini imatsamwa kwa kamphindi. Amakaniko ambiri amapopera carb cleaner chifukwa kusintha kwa kaliridwe kumamveka msanga, koma mankhwalawa amayaka. Ngati mwasankha njira imeneyo, chitani injini isanatenthe kwambiri, kutali ndi ekizosi ndi mawaya a mapulagi, chozimitsira moto chili pafupi.

Amene ali ndi geji ya vacuum, yoyeza kukoka kwa mpweya mu manifold, zake zimaphweka. Injini yabwino imaonetsa 17 mpaka 21 inHg muvi uli phee, ndipo kumalo okwera nambalayi imatsika pafupifupi 1 pa mamita 300 alionse. Muvi wotsika koma wokhazikika ndi bowo kapena timing (nthawi yomwe pulagi imatulutsa moto) yochedwa. Wogwa n'kubwerera mofanana nthawi zonse ndi valavu ya silinda yomwe sikutseka.

Chachitatu: tsukani throttle body ndi IAC

Pa injini ya ma injector, mpweya wa idling umadutsa pa valavu ya IAC, yomwe kompyuta imatsegula ndi kutseka. Nthunzi ya oilo yochokera ku PCV imasiya phula lakuda pamenepo, valavu n'kumachedwa kuyankha. Ikamatsegula injini yatsika kale, ikamatseka yakwera kale. Kuvina kwa muvi kuja kumachokera apo.

Zimitsani injini, chotsani chipaipi cha mpweya, tsegulani chitseko cha throttle pokoka chingwe chake. Pukutani mzere wakuda wozungulira pomwe chitseko chimakhudza khoma ndi kansalu konyowetsa throttle cleaner, kumbuyo kwa chitseko komwe. Masulani IAC, mutsuke mbali ya mpweya yokha, mbali ya magetsi ili m'mwamba kuti mankhwala asatsikiremo, ndipo musakankhe kapena kukoka kamutu kake mwamphamvu. Ikani gasiketi yatsopano. Pa mitundu ina IAC imadutsidwa ndi madzi a rediyeta, ndiye mudikire injini izizire. Pa mitundu yomweyi madzi akachepa kapena mukalowa mpweya, idling imakwera ndi kutsika ngakhale valavu ili yoyera.

Sensa ya MAF ili ndi kawaya kopyapyala kosafuna kukhudzidwa. Ipoperani MAF cleaner yekha, iume mphindi 15. Mukamanga zonse, lolani injini ilire mphindi 10 yotentha osaponda moto, kenako muyatse magetsi ndi fani kuti kompyuta izolowere mpweya watsopano.

Chachinayi: moto

Zulani pulagi ya magetsi ya injector imodziimodzi kwa masekondi ochepa. Silinda yabwino ikachotsedwa injini imafooka. Pomwe sipasintha kanthu ndi pomwe pali matenda. Pa kabyuleta zulani waya wa pulagi ndi pulayazi yokutidwa labala, osati ndi manja.

Pulagi yabwino imakhala yotuwa kapena yofiirira kunsonga. Mwaye wakuda wouma ndi petulo wochuluka, kuyera mbuu ndi petulo wochepa, kunyowa oilo ndi kutha kwa maring'i kapena masilo a mavalavu. Mpata wake umakhala 0.8 mpaka 1.1 mm malinga ndi injini, onani buku lake. Mawaya ayeseni usiku: poperani nkhungu ya madzi injini ikulira, mukaona timoto tabuluu tikudumpha sinthani onse. Tsegulaninso kapu ya distributor, yomwe imagawa moto ku mapulagi, muone ming'alu, timizere takuda ndi rota yopsa kunsonga.

Chachisanu: petulo ndi kabyuleta

Fyuluta ya petulo yosadziwika tsiku lomwe inaikidwa isintheni basi. Pa ma injector akale ambiri pampu iyenera kupereka 2.5 mpaka 3 bar. Zulani kapaipi ka vacuum pa regulator, yomwe imasunga mphamvu ya petulo pa mlingo woyenera: mukapezamo petulo, regulatoryo yabooka.

Pa kabyuleta, injini itatentha choko chiyenera kukhala chotsegukiratu. Jeti ya idling ili ndi kabowo kakang'ono kwambiri. Itsukeni ndi carb cleaner ndi mpweya wa kompuresa. Waya amakulitsa bowo, jeti n'kuonongekeratu. Ngati pali solenoid ya idling, imve ikuti "tiki" mukatembenuza kiyi. Timing ikonzedwe kaye ndi nyali yake, ndipo pokhapo mukhudze sikulu ya mixture, yomwe imakonza mlingo wa petulo ndi mpweya. Imangeni mofatsa mukuwerenga maulendo omwe yazungulira mpaka ingokhudza, mulembe nambalayo, muibweze pomwe inali. Nthawi zambiri amakhala maulendo apakati pa 1.5 ndi 2.5. Isuntheni kota imodzi nthawi iliyonse mpaka injini ilire mosalala ndi mokwera kwambiri, kenako mutsitse ndi sikulu ya idling kufika pa rpm yoyenera.

Zikakanikabe

Valavu ya EGR, yomwe imabwezera utsi wina mu injini, ikamatidwa ndi mwaye ili yotsegula imalowetsa utsi pa idling. Imasuleni mupale mwayewo mpaka itseke. Sensa ya kutentha kwa madzi pa magalimoto ambiri imaonetsa 2 mpaka 3 kΩ pa 20°C ndi pafupifupi 300 Ω pa 80°C. Batire ionetse 13.5 mpaka 14.5 V injini ikulira, mawaya a earth ali olimba.

Chotsala ndi kompuresheni, mphamvu yomwe silinda imapanikizira mpweya. Yesani injini yotentha, mapulagi onse atachotsedwa, moto ndi petulo zitadulidwa, throttle itatsegulidwa yonse. Masilinda asasiyane kuposa 10 peresenti. Mu yotsikayo thirani kasupuni ka oilo muyesenso: nambala ikakwera ndi maring'i, ikapanda kusintha ndi valavu kapena head gasket. Pa injini yokonza mpata wa mavalavu ndi manja, yesani mpatawo musanachotse hedi, chifukwa valavu yothina imatsitsa kompuresheni chimodzimodzi.