Mmene mungasankhire wopeka nyimbo za filimu yatsopano ya James Bond

Anthu akangomva kuti kukubwera Bond watsopano amathamangira kufunsa kuti suti ija avale ndani, koma ine mtima umakhala pa amene apeke nyimbo. Taonani, amuna asanu ndi mmodzi asinthana pa udindo wa 007 kuyambira Sean Connery mu 1962 mpaka Daniel Craig, nkhope kusintha, magalimoto kusintha, koma kagitala kaja ndi malipenga aja zilipobe, moti olo uli kukhitchini filimu ikuwonetsedwa pabalaza umadziwiratu kuti kazitape uja watulukira. Pano mphamvu zonse pa Bond zili mmanja mwa Amazon MGM kuyambira 2025, ndipo dairekitala wa filimu ikubwerayi ndi Denis Villeneuve, nde tiyerekeze ntchito yosankha wopeka nyimbo yakugwerani inuyo, mungayambire pati?

Musanaitane munthu aliyense, khalani pansi mumvere John Barry. Nyimbo yodziwika ya Bond ija dzina lolembedwa ndi la Monty Norman, amene anaipeka pa Dr. No, filimu yoyamba ya Bond, ndipo mu 2001 anawina mlandu kukhoti nyuzipepala ya Sunday Times itanena kuti si iye anailemba, koma amene anaikonza kuti izimveka mmene timaidziwira ndi Barry, gitala akuimba Vic Flick. Kenako Barry anapeka nyimbo za mafilimu 11, kuyambira From Russia with Love mu 1963 mpaka The Living Daylights mu 1987. Mukamvera bwino muona kuti sikuti ankangopokosera ndi malipenga ayi, ankatha kutenga kanyimbo kamodzi nkukaimba mwaukali pa ndewu, kenako komweko nkukafewetsa ndi mavayolini pamene Bond ali ndi mkazi kapena wataya munthu. Luso limenelo ndi limene mukufuna, wina aliyense amene mumuganizire muzimuyeza pamenepo.

Nde mayeso ake akhale otere. Musamupatse sini imodzi, mpatseni ziwiri, ina yothamangitsana magalimoto, ina yachete anthu awiri akungoyang'anizana patebulo. Ambiri masiku ano sini yothamangitsana amaikhoza, kompyuta ndi ng'oma zaphokoso basi yatha, koma pa sini yachete mpamene mumaona ngati munthu ali ndi nyimbo mmutu yoti wowonera atuluke mu sinema akuiimba chamumtima. Akakupatsani phokoso lokhalokha lopanda kanyimbo koti muikumbuke mawa, muthokozeni azipita, kaya dzina lake ndi lalikulu bwanji.

Chinanso muone ngati akulemekeza za kale. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, zoona, ndipo George Martin, yemwe uja ankajambula ma Beatles, anabwera pa Live and Let Die mu 1973 nkuchita zabwino zedi, Marvin Hamlisch nayenso analowetsa kadisiko mu The Spy Who Loved Me mu 1977 anthu nkulandira. Koma kalumo kamathanso kucheka mwini nyumba. Mu 1995 anatenga Éric Serra wa ku France pa GoldenEye, iye nkubwera ndi nyimbo zake za makina, zozizira, zachitsulo, ndipo itafika sini ija Bond akuyendetsa thanki mmisewu ya St Petersburg akuluakulu a filimu sanakhutire, anachita kuitana John Altman kuti apekenso nyimbo ya sini imeneyo ndi malipenga a Bond enieni. Ine sindimadana nazo nyimbo za Serra, pena zimagwirizana ndi nkhani ya Russia itangotha Soviet Union, koma kufika poitana munthu wina kuti adzakonze sini yaikulu chonchija ndiye kuti sanamvane pachiyambi pomwe. Inu mufunseni munthuyo maso ndi maso, kodi nyimbo ya Norman muigwiritsa ntchito pati ndipo kangati? Yankho lake likuuzani zambiri.

Amene anakhoza funso limeneli ndi David Arnold, ndipo nkhani ya mmene anapezekera ndi phunziro palokha. Iye anali wokonda Bond kuyambira kale, mu 1997 anatulutsa chimbale chotchedwa Shaken and Stirred momwe anakonzanso nyimbo zakale za Bond ndi oimba atsopano, Barry atachimva anamuyamikira kwa Barbara Broccoli, mkulu wokonza mafilimu a Bond nthawi imeneyo, basi ntchito nkuipeza, mafilimu asanu motsatizana kuyambira Tomorrow Never Dies mpaka Quantum of Solace mu 2008. Ndiye muzifufuzanso anthu oti anayamba kale kuikonda ntchitoyi asanalonjezedwe ndalama. Ndipo tamverani zimene anachita pa Casino Royale mu 2006, filimu yonse anaibisa nyimbo yotchuka ija, nkumangoilawitsa pang'onopang'ono, chifukwa Bond wa mmenemo anali asanakhwime, nkudzaitulutsa yonse kumapeto penipeni Craig atatchula dzina lake. Kudziletsa kotereku si aliyense angakwanitse, ena akanaiwomba pa miniti yachisanu.

Pa filimu yomweyo pali mfundo ina yoti muilembe mu kontirakiti. Arnold anapeka nyimbo yotsegulira limodzi ndi woimba wake Chris Cornell, nchifukwa chake mumaimvanso mkati mwa filimu ikubwerabwera mosiyanasiyana, ngati mmene Barry ankachitira ndi Goldfinger ya Shirley Bassey mu 1964. Wopeka akakhala kwina, woimba nyimbo yotsegulira kwina, zimamveka ngati zovala zobwerekana. Si kuti nyimbo yotsegulira singachite bwino payokha, Adele, Sam Smith ndi Billie Eilish onse anawina Oscar motsatizana, koma ine ndikanakhala inuyo ndikanalimbikira kuti wopekayo akhalemo mu situdiyo kuyambira tsiku loyamba.

Pali vuto la dairekitala kubwera ndi munthu wake, ili nde muliganizire mofatsa. Sam Mendes anabwera ndi Thomas Newman, mnzake wa ntchito wakalekale, pa Skyfall mu 2012 ndi Spectre mu 2015, ndipo Skyfall inafika mpaka posankhidwa kupikisana nawo pa Oscar ya nyimbo, nde sizinalakwike. Koma pa No Time to Die ya 2021, Cary Fukunaga anabwera ndi Dan Romer, sizinayende, anasiyana filimu ili pafupi kutha, Hans Zimmer nkulowa kumayambiriro kwa 2020 nthawi itathina kale. Kugwirizana ndi dairekitala nkofunika, koma munthu wakeyo alembenso mayeso a masini awiri aja ngati wina aliyense, ndipo mumutenge msanga, kujambula kusanathe, kuti ngati pali kusamvana kuoneke nthawi ikadalipo. Villeneuve naye ali ndi wake, Zimmer yemweyo, amene anawina Oscar ndi Dune, ndipo nzosavuta kungoti bwererani bwana. Pa No Time to Die Zimmer anachita bwino kubweretsanso nyimbo ya Barry ya mu On Her Majesty's Secret Service ya 1969, ija anaimba Louis Armstrong, inandikhudza kwambiri kumapeto kuja, koma taganizani, chimene chinatiliza mu filimu ya 2021 ndi nyimbo ya zaka zoposa 50 zapitazo. Nchifukwa chake ine ndingamufunse Zimmer kapena wina aliyense kuti nanga kanyimbo kanu katsopano koti adzakabwereke a mtsogolo kali kuti?

Musasankhe wa filimu imodzi yokha. Kupatula Barry, ndi Arnold ndi Newman okha amene anabwerezako, ena onse monga Bill Conti mu 1981 ndi Michael Kamen mu 1989 anangodutsa kamodzi. Bond watsopano mwina akhala zaka khumi kapena kuposa, Craig anakhala kuyambira 2006 mpaka 2021, nde funsani ngati munthuyo ali wokonzeka kukhala naye mafilimu atatu, kuti kanyimbo kamene ayambe mu filimu yoyamba kadzakule ndi Bond wakeyo, ndipo mu bajeti musiye ndalama za oimba enieni a malipenga ndi mavayolini mu situdiyo ku London, zimenezo zokha musadule.