Kutsata mapazi a gulu la Budgie m'nyimbo za heavy metal

Mnyamata akagula sikipa ya Metallica pa salaula kuno ku Lusaka, nthawi zambiri sadziwa kuti gululi linaphunzira zina mwa luso lake kwa anyamata atatu a ku Cardiff, m'dziko la Wales, omwe anayambitsa gulu la Budgie mu 1967. Chomwe mukufunika kuti mudzimvere nokha ndi foni, mahedifoni omveka bwino besi, ndi ola limodzi la phee, osati muli m'minibasi yopita ku Matero momwe wailesi ndi kondakitala zikupikisana.

Yambirani kumapeto n'kubwerera m'mbuyo. Mverani kaye "Breadfan" monga Metallica inaiimbira mu 1988, kenaka pezani yoyambirira ya Budgie ya 1973, ndipo muziimvere motsatizana osaikapo nyimbo ina pakati. Musatengeke ndi kukula kwa phokoso, chifukwa zojambula za m'ma 1970 zimamveka zopyapyala poyerekeza ndi za pambuyo pake. Tcherani khutu ku kachidutswa ka gitala kobwerezabwereza kotsegulira nyimbo, kamene oimba amakatcha riff, ndipo mudzaona kuti liwiro lomwe ambiri amaliyesa la m'ma 1980 linali kale m'zala za Tony Bourge, woliza gitala wa Budgie. Pakati pa nyimboyo zonse zimazizira mwadzidzidzi, gitala n'kuyamba kulira mofatsa, kenaka moto n'kubukanso. Ine ndimaona kuti phunziro lalikulu lagona pamenepo, pakuti kamangidwe kotere kamapezeka kawirikawiri m'nyimbo zazitali za metal. Mawu okwera kwambiri a Burke Shelley wa Budgie, amene ankaimba uku akuliza besi ndipo anamwalira mu 2022, akhoza kukudabwitsani poyamba, koma musazimitse msanga.

Mukatero chitaninso chimodzimodzi ndi "Crash Course in Brain Surgery", nyimbo ina ya Budgie yomwe Metallica inaijambula mu 1987.

Chotsatira ndi kuwerenga maina olembedwa kuseri kwa chimbale, omwe ambirife timawalumpha. Chimbale choyamba cha Budgie, cha 1971, anachikonza ndi Rodger Bain ku Rockfield Studios, ndipo Bain yemweyo ndiye anakonza zimbale zitatu zoyambirira za gulu la Black Sabbath komanso choyamba cha gulu la Judas Priest mu 1974. Lembani zaka zimenezi papepala motsatana, chifukwa popanda zaka n'kosavuta kumuyesa mwana amene kwenikweni ndi kholo.

Pali msampha umodzi umene umagwira makamaka ife amene tinakula tikumva gitala yokalipa ya Paul Ngozi ndi Ngozi Family, kapena ya gulu la WITCH, m'nyumba za makolo athu. Khutu lozolowera Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia za m'ma 1970, limazindikira msanga kulira kosasa kwa gitala ya Budgie, ndipo mtima umathamangira kunena kuti wina anatengera kwa mnzake, pamene onsewo anali a nyengo imodzi ndipo ankamvera oimba ngati Jimi Hendrix. Kufanana kwa mamvekedwe pakokha si umboni. Umboni wogwirika ndi pamene gulu lina laimbanso nyimbo ya linzake n'kulemba maina a eni ake pa chimbale, monga linachitiranso gulu la Iron Maiden mu 1992 poimbanso nyimbo ina ya Budgie.