Musasiye fodya mwakachetechete ngati mukumwa mankhwala a bipolar

Kwa inu amene muli ndi matenda a bipolar (matenda a m'maganizo oti nthawi zina munthu amasangalala mopitirira muyezo, nthawi zina amakhumudwa kwambiri), kapena mukusamalira m'bale wanu wodwala: kusiya fodya n'kwabwino kwambiri, koma muuzeni dokotala kaye tsiku loti musiye lisanafike.

Utsi wa fodya, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kapena chingambwe, umafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi, makamaka olanzapine ndi clozapine, omwe ndi mankhwala a matenda a m'maganizo. Mukasiya kusuta, mlingo womwewo umayamba kuchuluka m'magazi. Munthu amangoodzera, chizungulire osatha, mpaka ena amataya mapiritsi poganiza kuti awatembenukira. Chonsecho dokotala akanangochepetsa mlingo. Musachepetse nokha, chonde.

Khofi ndi tiyi nazonso zimakhalitsa m'thupi mukasiya fodya, choncho chepetsani, makamaka madzulo. Apa ndipamene ndimadera nkhawa kwambiri, chifukwa kusagona kungathe kudzutsa nyengo ija ya matendawa yoti munthu amalankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama. Achibale, masabata oyambawo yang'anirani tulo ta wodwalayo. Akakhala masiku awiri kapena atatu osagona bwino, pitani naye kuchipatala osadikira tsiku lake lokaonana ndi dokotala.

Ndipo wina akakupatsani bupropion wosiyira fodya, nenani kuti muli ndi bipolar, pakuti mankhwalawa angathe kudzutsa matendawo.