Mukalandira ma Ace awiri pa poker ya pa intaneti, kwezani ndalama

Achinyamata osewera poker ya makadi awiri m'manja yotchedwa Texas Hold'em pa foni amandifunsa funso limodzi mobwerezabwereza: ndikalandira makadi amphamvu, ndikweze ndalama pomwepo kapena ndiyambe ndadekha kuti anzanga asathawe? Yankho langa n'lakuti kwezani. Kubisa mphamvu, kumene osewera amati slow play, kuli ndi nthawi yake, koma nthawiyo siifika kawirikawiri, ndipo pa matebulo a ndalama zochepa pamene ambirife timasewera imachita kusowa.

Mantha anuwo ndimawamvetsa. Ma Ace awiri amabwera kamodzi pa maulendo 221 ogawa makadi. Tebulo la pa intaneti limagawa maulendo 60 kapena kuposerapo pa ola, ndiye munthu atha kudikira maola atatu asanawaone. Akafika, mtima umati, ndikakweza onse aponya makadi, ndingotola tindalama ta ma blind basi (ndalama zokakamiza zimene osewera awiri amaika makadi asanagawidwe: yaing'ono ndi small blind, yaikulu ndi big blind). Ndiye chala chimapita pa call (kungotsatira ndalama imene yaikidwa) m'malo mwa raise (kukweza).

Mnyamata wina anandionetsa pa foni yake dzanja limene linamusowetsa tulo. Anali ndi ma Ace awiri, ali woyamba kulankhula, nangoika ndalama yofanana ndi big blind osakweza. Anthu atatu anamutsatira, wa small blind anaonjezera pang'ono, wa big blind analowa ulere. Asanu ndi mmodzi pa dzanja limodzi! Flop, makadi atatu oyamba oikidwa poyera pa tebulo kuti onse agwiritse ntchito, inabwera 9, 8, 7, awiri mwa makadiwo a mitima. Iye anabetcha, wa big blind anakweza, iye n'kuponyamo zonse. Mnzakeyo anali ndi 6 ndi 5, zimene zinamupatsa straight (makadi asanu otsatizana, amene amaposa ma Ace awiri), makadi amene akanawataya osaganiza kawiri pakanakhala raise. Mnyamatayo ankati ndi tsoka. Ndinamuuza kuti khomo anatsegula yekha.

Manambala ake ndi awa. Ma Ace awiri akakumana ndi munthu mmodzi wa makadi alionse, amapambana pafupifupi maulendo 85 pa 100. Otsutsana nawo akakhala anayi, chiwerengerocho chimatsika kufika cha m'ma 56. Akakhala asanu ndi anayi, chimagwa mpaka cha m'ma 31. Makadi ndi omwewo, chasintha ndi unyinji wa anthu amene mwawalola kuona flop. Nkhuku imodzi pamphasa ya mapira mutha kuiyang'anira, koma zikalowa zisanu simudziwa imene yadya. Ntchito yoyamba ya raise ndi kuchepetsa khamulo kuti mutsale ndi mmodzi kapena awiri.

Ntchito yachiwiri ndi imene ambiri saiona, ndipo ndi yaikulu kuposa yoyambayo. Ndalama za pakati zimakula mochulukitsana, ndiye kuchepa kwa poyambira kumakutsatani mpaka kumapeto. Tiyeni tiwerenge m'ma big blind. Mwakweza kufika pa 3, munthu mmodzi watsatira, ma blind aponya: pakati pali 7.5. Pa flop mwabetcha 5, pa turn (khadi lachinayi la pa tebulo) 12, pa river (lachisanu, lomaliza) 28, iye akutsatirabe. Waikamo 48 yonse pamodzi. Tsopano bwererani poyamba, musakweze, mutsale ndi wa big blind yekha: pakati pali 2.5. Mukabetcha pa mlingo wofananawo, ndiye kuti 2, kenako 4, kenako 10. Waikamo 17 basi. Dzanja lomwelo, mdani mmodzi, mwasiya 31 pa tebulo chifukwa cha kudekha kwa pachiyambi. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndiye mukweze motani? Mofanana ndi mmene mumakwezera ndi makadi ena onse amene mumasewera: ma big blind 2.5 kapena 3, n'kuonjezera imodzi pa munthu aliyense amene walowa kale osakweza. Wina akakweza inu musanalankhule, kwezaninso katatu kuchuluka kwa ndalama yake ngati mudzalankhula pambuyo pake pa flop, kanayi ngati mudzalankhula patsogolo pake. Musasinthe mlingo chifukwa makadi akoma. Amene amakweza 3 masiku onse koma 6 akagwira ma Ace ali ngati munthu wosewera makadi atawatembenuzira kwa anzake. Pa intaneti nkhope yanu saiona, chimene amawerenga ndi kukula kwa betche lanu ndi nthawi imene mwatenga, ndipo ena amalemba manotsi pa dzina lanu.

Pali chinthu china chokhudza matebulo a ndalama zochepa. Kubisa mphamvu ndi msampha wotchera munthu amene amathawa msanga kapena amene amakonda kunamiza. Koma osewera ambiri a pa matebulo amenewa vuto lawo ndi kutsatira mopitirira muyeso. Amatsatira ndi King ndi 9, amatsatira ndi makadi awiri alionse a mtundu umodzi. Munthu amene akubwera yekha kudzakupatsani ndalama mukumutcheranji msampha? Mutchulireni mtengo alipire.

Flop ikatuluka, yang'anani ngati makadi a pansi akugwirizana. Mdani amene akusowa khadi limodzi kuti akwanitse flush (makadi asanu a mtundu umodzi) amalipeza pafupifupi maulendo 35 pa 100 akaona turn ndi river, ndipo wosowa limodzi kuti akwanitse straight ya mbali ziwiri (yokwanira ndi khadi la kumtunda kapena la kumunsi) amalipeza cha m'ma 31. Mukapanda kubetcha, mwamupatsa mwayi umenewu osalipira kalikonse. Choipiraponso, khadi loopsa likagwa pa turn, ngakhale silinamuthandize, limamuopsa nayenso, ndiye ndalama imene akanalipira pa flop saitulutsanso.

Nthawi yobisa ilipo, sindikana. Tiyerekeze muli ndi ma King awiri, flop yabwera King, 7, 2, onse a mitundu yosiyana, mdani ndi mmodzi. Apa palibe khadi la pa turn limene lingakuvulazeni kwenikweni, ndipo poti ma King atatu mukuwaona, n'kovuta kuti iye akhale ndi chogwira. Kumulola aone khadi lina kungamupatse kanthu kolipirira. Nthawi ina ndi pamene mwakhala ndi munthu amene mwamuona kwa ola lathunthu akukweza dzanja lililonse ndi kubetcha mpaka pa river wina akaonetsa kufooka. Ameneyo musiyeni adzikumbire yekha dzenje. Onani kuti pa zonse ziwirizi mdani ndi mmodzi ndipo inu mukudziwa chifukwa chimene mukudekhera. Ngati chifukwa chake ndi mantha akuti athawa, betchani.

Ndipo ma Queen awiri, ma Jack awiri, kapena Ace ndi King musayese n'komwe kubisa. Ndi ma Jack awiri, khadi lowaposa limatuluka pa flop koposa theka la nthawi. Makadi oterowo mphamvu yawo ili pachiyambi pomwepo.

Chimandiwawa kwambiri ndi chimene chimachitika ma Ace akagonja. Ngakhale mutasewera bwino, pa maulendo 100 olimbana ndi mdani mmodzi mudzagonja pafupifupi 15, ndipo mukakumana ndi ma King awiri mudzagonja cha m'ma 18. Wosewera amene sanakonzekere zimenezi amapsa mtima, n'kuthiramo ndalama ina kuti abweze, kenako ina. Ndalama ya feteleza, ya fizi kapena ya lendi isafike pa tebulo. Patulani ndalama yosewerera imene itatha simungagone ndi njala, ndipo musakhale pa tebulo limene kulowa kwake kukudya gawo loposa limodzi mwa magawo 20 a ndalamayo. Ma Ace anu akathyoledwa ndipo mukumva kutentha m'mutu, tsekani foni mukamwe madzi.

Mawa lake, mtima utazizira, tsegulani mbiri ya manja anu imene masamba a poker amasunga. Sankhani manja onse amene munali ndi ma Ace, ma King kapena ma Queen awiri, muwagawe pawiri: amene munakweza ndi amene munabisa. Pa dzanja lililonse lembani anthu angati anaona flop, ndi ndalama zingati zimene zinali pakati pofika pa river.