Mota ya chigayo muziiyesa ikugaya

Eni zigayo a ku Luchenza ndi ku Bvumbwe, musamayese liwiro la mota ikuzungulira yopanda katundu, pamenepo iliyonse imaoneka yamphamvu. Ili chizimire matani kapepala konyezimira pa shafti, yatsani, thirani chimanga, kenako lozani pa kapepalako tachometer, kachipangizo koyezera liwiro la kuzungulira. Malaya olendewera atalikire lamba.

Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho mota ya mapolo anayi a maginito sifika 1500 rpm (kuzungulira ka 1500 pa mphindi imodzi). Ikamagaya imakhala cha m'ma 1450. Ikatsika kwambiri kuposa zolembedwa pa kachitsulo kake, mwachulutsa chimanga kapena magetsi afooka. Onani ma amps, kuchuluka kwa magetsi amene mota ikukoka, ndi choyezera chotchedwa clamp meter mota isanapse.

Torque, mphamvu imene mota imapotokolera shafti, muipeza pochulukitsa ma kW ndi 9550 n'kugawa ndi rpm: 15 kW pa 1460 ndi 98 Nm. Koma masamuwa amagwira ntchito mota ikasenza katundu wokwanira.